Franschhoek ndi kokongola, koma mbiri yake amangokamba theka

Amene munafikako ku Franschhoek mundivomereza, malo aja ndi okongola heve. Kamudzi kakang'ono mchigwa ku South Africa, ola limodzi ndi pang'ono pa galimoto kuchoka ku Cape Town, mapiri mbali zitatu, minda ya mphesa kukwera mpaka m'munsi mwa matanthwe, msewu waukulu umodzi basi wokathera pa chipilala. Vinyo wawo ndi wabwino, zimenezo sindikutsutsa, kuli mitengo ya mpesa wa Semillon imene inabzalidwa 1902 ndipo mpaka pano ikubereka. Chimene chimandiwawa ineyo ndi mmene nkhani ya mudziwu imakambidwira kwa alendo.

Amayambira pa Afalansa. Mu 1685 mfumu Louis XIV inachotsa lamulo limene linkalola Apulotesitanti kupemphera mwaufulu, anthu aja, ma Huguenot, anathawa, ambiri kupita ku Holland, ndiye kampani ya Adatchi ija ya VOC inatengako ena pafupifupi 200 kubwera nawo ku Cape kuyambira 1688 nkuwapatsa ena mwa iwo malo mchigwachi. Nthawi imeneyo kunkatchedwa Olifantshoek chifukwa cha njovu zimene zinkadutsa pamapiripo. Mafamu awo anawatcha mayina akwawo, La Motte, La Provence, Cabrière, La Dauphine, ndipo gawo limeneli limandikhudza zedi, aliyense amene anasiya kwawo akudziwa kuti kupukwa ndi chani. Chilankhulo chawo sichinakhalitse, kampani inkafuna Chidatchi kusukulu ndi kutchalitchi komanso inawasakaniza dala ndi alimi achidatchi, pofika pa zidzukulu Chifalansa chinali chitatha. Anatsala ndi mayina okha, Du Toit, De Villiers, Le Roux, Joubert.

Zonsezi ndi zoona. Koma malo amene anapatsidwawo sanali opanda eni, Akhoekhoe ankadyetsako ng'ombe ndi nkhosa zawo kalekale, anakankhidwa pang'onopang'ono kenako nthomba ya 1713 inawapulula. Ndipo funso langa ndi ili, munthu wothawa kwawo wofika ndi Baibulo ndi kathumba, ndani anamuzulira zitsa, kumukumbira maenje, kumuumbira njerwa za nyumba zoyera zija timajambulitsapo zithunzi? Akapolo. Ochokera ku Madagascar, ku India, ku zilumba za Indonesia, ndi kuno kufupi kwathu ku Mozambique. Iwowa mayina akwawo sanaloledwe kusunga, ena ankangopatsidwa dzina la mwezi, nchifukwa chake ku Cape mumakumana ndi a September, a Februarie, a Oktober. Mabelu aja apachikidwa pa timakoma toyera m'mafamu ena akale anali odzutsira akapolo kupita kumunda.

Ukapolo unathetsedwa 1834 koma anawakakamiza kugwirabe kwa mabwana omwewo mpaka 1838. Atamasuka analibe ngakhale kadimba, ena anakakhala ku Pniel, kamudzi ka mishoni komwe kanayamba 1843 panjira yopita ku Stellenbosch, nkumabwererabe m'mafamu omwe aja kukagwira ntchito. Ndiye kunabwera nkhanza ina imene kumeneko amati dop, bwana kumalipira antchito gawo la malipiro ndi vinyo wotsalira, m'mawa, masana, madzulo, tsiku ndi tsiku. Lamulo linaletsa mu 1960 koma m'mafamu ena zinapitirirabe mpaka zaka za m'ma 1990. Tangoganizani abale, mibadwo yonse kuizoloweretsa mowa dala kuti munthu asachoke pa famu, ndipo mpaka lero Western Cape ili m'gulu la madera a padziko lonse kumene ana ambiri amabadwa ataonongeka ndi mowa ali m'mimba. Chimenechi ndi mbali ya mbiri ya vinyoyu ngati mmene mayina achifalansa aja alili mbali yake.

Chipilala cha ma Huguenot chija anachitsegulira 1948, pali mayi wanyamula Baibulo dzanja lina, dzanja lina unyolo woduka kusonyeza ufulu wopembedza. Ine ndimaulemekeza ufulu umenewo, anthu aja anazunzikadi. Koma ndimafuna pafupi pomwepo pakanakhala mwala wina waukulu chimodzimodzi wa amene unyolo wawo unali wachitsulo chenicheni ndipo unakhalabe zaka zina 150 Afalansawo atafika. Julaye aliyense mudzi wonse umavala zofiira, zoyera ndi zabuluu kukondwerera Bastille, tsiku lachikondwerero cha dziko la France, chabwino, bizinesi imayenda, anthu amapeza maganyu, koma 1 Disembala tsiku limene akapolo anamasulidwa silimveka chomwecho olo pang'ono.

Ndipo musanalowe mtauni muja mumadutsa Groendal, kumtunda kwake kuli Langrug, zisakasa za malata kukwera phiri. Kumeneko ndi kumene amagona ambiri mwa anthu amene amadulira mpesa mu Julaye ndi Ogasiti mvula yozizira ikuwamenya, amene amathyola mphesa mu Febuluwale dzuwa likuswa mtengo, amene amatsuka matambula m'malesitilanti odula aja. Ena ndi zidzukulu za akapolo omwe aja, ena ndi a ku Eastern Cape, a ku Zimbabwe, ndipo abale athu a ku Malawi aliponso m'magadeni ndi m'makhitchini. Mudzi umene umanyadira kuti unamangidwa ndi othawa kwawo umayenera kukhala woyamba kumuona mlendo wa lero ngati munthu, kumulipira bwino, kumupatsa pogona pabwino, osati kungomufuna nthawi yokolola basi.

Sindikunena kuti musapiteko, pitani ndithu, kwerani kasitima ka tram kaja kozungulira mafamu, lawani Semillon. Koma akamakufotokozerani za 1688 mufunseko kuti akapolo a pafamupo anali angati ndipo mayina awo analembedwa pati, mafamu ena ayamba kuyankha funsoli moona mtima ndipo amenewo ndi oyenera ndalama zanu. Pobwerera mudzere ku Pniel, kuli ka museum kakang'ono pafupi ndi tchalitchi, ndi mphindi zochepa chabe kuchoka pa famu ya Boschendal.