Ndikufuna mdani wa ku Bangwe, osati wa ku Brazil

Dzulo madzulo mphwanga anandipeza ndili pa laputopu, padi yoseweretsera gemu ili m'manja, ndikuswana ndi munthu wa ku Johannesburg kudzera pa intaneti, pa gemu yomenyana ya Super Street Fighter II Turbo. Anaima kumbuyo kwanga kanthawi, kenaka n'kuphulika nako kuseka. Akuti, "Koma achimwene, zithunzi ngati zojambula ndi makala chonchi, mukuonapo chiyani pamenepa?" Mwana wobadwa dzana lomweli kunyoza gemu ya 1994. Sindinamuyankhe. Masewero atatha ndinangomupatsa padi n'kumuuza kuti asankhe munthu amene akumufuna. Anasankha Zangief poona thupi. Masekondi 30 sanakwane, anali atagona chagada.

Ndiye ndati ndilembeko, chifukwa ndikudziwa kuti mu Blantyre muno tilimo ambiri amene tinakula ndi magemu amenewa, koma aliyense akusewera yekha kuchipinda ngati akubisa ndiwo.

Kwa amene simukudziwa: magemu akalewa timawasewera pa emulator, pulogalamu imene imanamiza gemu kuti iziona ngati ili m'makina ake enieni, chonsecho ili pa kompyuta yanu. Snes9x imadzisandutsa Super Nintendo, Flycast imadzisandutsa Dreamcast ya Sega, ndipo FinalBurn Neo imakhala ngati zimakina zija zoponyamo ndalama. Pulogalamu ya Fightcade inasonkhanitsa zonsezi pamalo amodzi, yaulere. Umalowa, umasankha gemu, umaona mndandanda wa anthu amene alipo ndi mbendera za maiko awo, n'kuputa amene wamufuna. Laputopu yanga ndi yakale, ndinagula kwa munthu ku Limbe, batire inafa kalekale moti magetsi akangothima nayo imathima pompo. Koma magemuwa imayendetsa popanda kudandaula.

Ife tinaphunzirira ku Ndirande, m'kachipinda kuseri kwa vidiyo sho. TV yake inali ya chimimba kumbuyo ija, PlayStation yoyamba ili pa kasitulu, mapadi awiri, ina yomata ndi selotepi. Gemu inali Tekken 3. Lamulo linali limodzi basi: wopambana akhala pa benchi, wogonja apereka padi kwa wotsatira. Chenji cha kuchigayo chinkathera kumeneko, ndipo mayi ankadziwa, ankangodikira tsiku lake. Panalinso anyamata aja osankha Eddy Gordo n'kumangopanikiza mabatani a miyendo osayang'ana n'komwe, munthu akungozungulira pansi ngati nguli. Tinkadana nawo kwambiri. Koma chimene chinkakoma si gemu yokha ayi. Mdani wako unkamumva akupuma, ukamugwetsa unkamuyang'ana kumaso, mawa n'kukumana naye pa mjigo.

Tsopano nkhani ya intaneti, imene ambiri amaimva molakwika. Anthu akamva zoti gemu ya pa intaneti amayamba kulira bandulo. Magemu awa sadya bandulo. Chimene chimayenda pakati pa kompyuta yanga ndi ya mnzanga si zithunzi, ndi uthenga woti ndapanikiza batani liti, basi. Gemu yonse ikuyenda kwa ine, ikuyendanso kwa iye. Usiku wonse womenyana sufika pa bandulo imene mumathera mukuonera mavidiyo a TikTok podikira minibasi kuti idzaze.

Vuto lenileni ndi mtunda. Magemu amenewa amasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, kutanthauza kuti chithunzi chimodzi chimakhala mamilisekondi pafupifupi 17. Kutchinga chibakera kapena kuchilandira kumaso kumasiyana ndi zithunzi ziwiri zitatu zokha. Kale, gemu inkadikira uthenga wa mnzako ufike kaye isanapitirire, ndiye ukapanikiza batani munthu wako ankachita ngati akuyamba waganiza kaye. Mu 2006 Tony Cannon anatulukira njira ina, GGPO, imene ochita masewerawa amaitchula rollback. Gemu sidikira. Imalosera kuti mnzakoyo akupitiriza zimene amachita, n'kumapitirira. Uthenga weniweni ukafika n'kupezeka kuti inalosera molakwa, imabwerera m'mbuyo zithunzi zingapo, kukonza, n'kudumphira pamene tili, zonse mwa kuphethira kwa diso. Mtunda ukakhala waufupi suona kanthu. Ukatalika, ndiye zamatsenga zimayamba.

Ndinayesapo kusewera The King of Fighters '98 ndi munthu wa ku Brazil, chifukwa kumeneko gemuyi amaikonda kwabasi ndipo amapezeka nthawi iliyonse. Ping, nthawi imene uthenga umatenga pa njira, inkasonyeza kupitirira mamilisekondi 300. Nambala imeneyi ndi ya ulendo wopita ndi kubwerera, ndiye batani lake linkandifika patapita zithunzi ngati 9. Ndinamuona Iori, munthu amene iye anasankha, ataima patali, ndikuphethira ali pakhosi panga. Nthawi ina ndinamumenya ndithu, phokoso ndinalimva, moyo wake unatsika, kenaka gemu inasintha maganizo n'kumubwezera. Munthuyo anandilembera mawu awiri m'Chipwitikizi n'kutuluka. Sindinafunse tanthauzo, ndinamva.

Ndipo sindimuda. Ife tili pakati pa mtunda, intaneti yathu imayamba yadutsa kwa anansi kuti ikapeze zingwe za pansi pa nyanja ya mchere, kenaka iwoloke nyanja ina kuti ikafike kwa iye. Palibe bandulo imene ingafupikitse ulendo umenewo. A ku South Africa ndiwo ndimasewera nawo bwinobwino, koma ndi ochepa, ndipo ena akaona mbendera yachilendo amakana asanaone n'komwe nambala.

Apa ndi pamene pali mtima wanga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tikulimbana ndi kufuna adani kutsidya kwa nyanja pamene mdani wabwino ali ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Machinjiri. Tikanakhala anthu khumi okha a mu Blantyre, ena a ku Zomba ndi ku Lilongwe, odziwana nthawi yolowera, sitikanapemphanso munthu. Ndipo mdani wapafupi ali ndi ubwino wina umene wa ku Brazil alibe: ukamugonjetsa Loweruka, Lolemba umakamupeza pa Ginnery Corner akudya chipisi n'kumukumbutsa.

Ena akuti ndi zachikale, gulani zatsopano. Ndi ndalama ziti? Makina atsopano mtengo wake ndi wa poloti kumudzi, gemu imodzi kuikopera kokha bandulo ya mwezi yatha. Komanso bawo inayamba liti? Ndani anapitapo pansi pa mtengo paja kukauza madala kuti bawo yawo yatha fasho? Gemu yomenyana ikakhala yopangidwa bwino sikalamba, chifukwa chimene ukulimbana nacho ndi mutu wa munthu winayo. Street Fighter III: 3rd Strike inatuluka mu 1999, koma mpaka lero anthu akuonerabe zimene Daigo Umehara anachita pa mpikisano wa Evo mu 2004, atatsala ndi kadontho ka moyo, n'kuphera mateche 15 otsatizana a Chun-Li, munthu amene mdani wake Justin Wong anasankha, limodzilimodzi, kenaka n'kupambana. Ine ndayesa kuphera atatu okha, chala chimakana.

Pali chimodzi chimene sindingabise. Emulator payokha ilibe mlandu, koma mafayilo a magemu, amene timati ma ROM, ali ndi eni ake. Makampani amene anawapanga, Capcom ndi SNK, akadalipo ndipo akugulitsabe magemu omwewa, monga Street Fighter 30th Anniversary Collection ya 2018. Amene angathe kugula agule. Enafe tikudziwa mmene kulipira chinthu cha madola kukuvutira masiku ano, ndiye pamenepo aliyense ayankhe yekha. Chenjezo langa ndi lakuti malo ambiri otengako mafayilowa ndi odzaza misampha. Fayilo ya gemu ikabwera ikufuna kuti muiike ngati pulogalamu, ifufuteni msanga. Ine inandipweteka kamodzi, ndinataya zithunzi za chinkhoswe cha mchemwali wanga, ndipo nkhaniyo kunyumba sinathebe.

Amene mukufuna kuyesa, musadalire Wi-Fi yodutsa makoma awiri. Lumikizani ndi chingwe, kapena ngati intaneti ndi ya pafoni, lumikizani foniyo ndi kebulo ya USB muiike pawindo. Muwauzenso a m'nyumba asiye kaye YouTube. Padi yotchipa ya mumsika wa Limbe imagwira, ingoyesani kaye mbali ya mivi musanalipire, chifukwa ina Hadouken, chimoto choponya chija cha mu Street Fighter, satuluka ngakhale mutapemphera. Kiyibodi nayonso imatheka.

Ine Loweruka lino ndikhala ndili pa Fightcade, pa Super Street Fighter II Turbo, kuyambira 8 koloko usiku, magetsi akalola. Ndimasewera Guile, ndipo inde, ndimakhala pakona n'kumadikira, musabwere kudzandilalikira. Kusankha Akuma, munthu wamphamvu mopyola uja, n'koletsedwa monga mwa nthawi zonse. Mphwanga uja wati abweranso, wakhala akuyeserera Zangief kuyambira m'mawa, sukulu sanapite.