Mtengambali wa mnzako si wako woti uphe

Ndakwiya kwambiri ndipo sindibisa. Usiku wa Lachisanu lapitali, m'gulu lathu la pa Discord, pulogalamu yochezerana pa intaneti, limene Amalawi a kuno ku Joni timalemberamo limodzi nkhani yopeka ya sayansi, mbale wathu wina anatenga mtengambali wa mchemwali wathu, namuyendetsa, namuyankhulitsa mawu amene mwini wake sanawalembe, kenako namupha. Anachita zimenezi pamene mwini wakeyo anali pa ntchito ya usiku yosamalira okalamba cha ku Randburg, foni ili m'chikwama chifukwa kumeneko salola kuigwira. M'mawa ali mu tekisi kubwerera kunyumba, mchemwaliyu anatsegula foni napeza kuti munthu amene wakhala akumuumba kwa miyezi yambiri waikidwa kale m'manda, ndipo anthu ena alembako kale mawu a chipepeso pansi pake.

Kwa inu amene simudziwa m'mene masewerawa amayendera, nkhani yathu ikuchitikira pa Mars, m'mudzi wa anthu oyamba kukakhazikika kumeneko, ndipo aliyense wa ife ali ndi mtengambali mmodzi amene amamuyankhulira. Wina ndi dokotala, wina ndi mlimi wa ndiwo zamasamba m'nyumba zotsekedwa, wina amayendetsa magalimoto otuluka kunja. Umalemba zimene munthu wako wachita ndi zimene wanena, kenako umaima kuti mnzako ayankhe ndi munthu wake. Lamulo loyamba, limene linaikidwa pamwamba penipeni pa gulu kuti aliyense wolowa aliwerenge, limanena momveka kuti dzanja lako limalekezera pa munthu wako. Ukhoza kulemba kuti munthu wako waponya chibakera, koma sungalembe kuti chibakeracho chafika kapena kuti mnzako wagwa, pakuti zimenezo anena ndi mwini wake, ndipo mukalephera kugwirizana woyendetsa nkhani amaponya madayisi kuti aweruze. Achimwene amene anachita zimenezi akulidziwa lamuloli bwino lomwe, chifukwa si alendo m'gulu muno.

Chimene chandiwawa koposa ndi imfa imene anamusankhira. Mtengambali wa mchemwaliyu anali mmisiri wa madzi, mayi wodekha amene ntchito yake inali yokumba madzi oundana a pansi pa nthaka, kuwasungunula ndi kuwayeretsa kuti mudzi wonse umwe. Achimwenewa analemba kuti mphepo ya fumbi itafika, mayiyu anachita mantha, anayamba kukuwa ngati wamisala, anathawira pachitseko chotulukira kunja natsegula asanamange bwino chisoti chake, ndipo anafera pomwepo, kenako munthu wa achimwenewo ndi amene anathamanga kukatseka chitseko ndi kupulumutsa aliyense. Taonani bwino zimenezi. Sanangomupha chabe, anayamba amuvula ulemu wake wonse, namusandutsa wamantha ndi wopusa, kuti munthu wawo aoneke ngwazi. Wina aliyense amene wawerengapo zolemba za mchemwaliyu akudziwa kuti mayi ameneyu sakanachita zimenezo ngakhale pang'ono, chifukwa ndi iye amene ankadzudzula anyamata m'nkhani muja akaiwala kuyang'ana zovala zawo kawiri asanatuluke.

Ndipo kusamala kumeneko sikunangogwa kuchokera kumwamba. Mchemwaliyu ankawerenga, ndi bandulo yake yogula yekha, kuti zimene akulemba zikhale zoona. Ndi iye amene anatiphunzitsa kuti mpweya wa pa Mars pafupifupi wonse ndi carbon dioxide, ndiponso kuti ndi wochepa kwambiri moti mphamvu yake siifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a mpweya wa kuno, choncho mphepo ya kumeneko ingathe kuphimba dzuwa ndi fumbi koma singagwetse nyumba monga ena ankafunira kulemba. Ndi iye amene anaumirira kuti tsiku la m'nkhani yathu likhale la maola 24 ndi mphindi 39, ndipo chaka chikhale cha masiku 687 a kuno ku dziko lapansi, mpaka anakonza kalendala imene tonse tikugwiritsa ntchito lero, kuphatikizapo amene anamuphera munthu wakeyo. Munthu wagwira ntchito yotereyi mwakachetechete, wina angobwera usiku umodzi n'kufafaniza zonse ndi ndime zitatu. Umenewu ndi mwano, ndipo ndi kuba, chifukwa watenga chinthu chimene sichili chake n'kuchiwononga mwini wake kulibe.

Atafunsidwa, achimwenewa anayankha kuti nkhani inaima, kuti mchemwaliyu anachedwa kuyankha, ndipo iwo anangofuna kuti zinthu ziyende. Yankho limeneli ndi limene landiwonjezera mkwiyo. Achimwene, inu mwasankha kusewera nkhani ya pa Mars, malo amene kudikira ndiwo moyo wa tsiku ndi tsiku, ndiye mukulephera kudikira usiku umodzi? Uthenga wochokera kuno kupita ku Mars umatenga pakati pa mphindi 3 ndi mphindi 22 malinga ndi pamene mapulaneti awiriwa afika, ndipo yankho limatenganso nthawi yomweyo kuti libwerere. Mu 1965, pamene chombo cha Mariner 4 chinatumiza zithunzi zoyamba zojambula Mars chapafupi, siteshoni ya Hartebeesthoek, kunja kwa Johannesburg konkuno, inali m'gulu la masiteshoni ozilandira, ndipo chithunzi chimodzi chinkatenga maola angapo kuti chifike chonse. Palibe amene anatopa n'kujambula za m'mutu mwake kuti azitche chithunzi cha Mars.

Ndipo taganizirani za Opportunity, kagalimoto kamene kanatera pa Mars mu 2004 kukagwira ntchito ya masiku 90 okha koma kanatha zaka zoposa 14. Mu June 2018 mphepo ya fumbi inaphimba pulaneti yonse, dzuwa linabisika, mabatire anatha mphamvu, ndipo kagalimotoko kanakhala chete. Akatswiri a NASA, bungwe la ku America lofufuza za m'mlengalenga, sanathamangire kulengeza kuti kafa. Anapitiriza kukaitana kwa miyezi isanu ndi itatu, anatumiza mauthenga oposa 1,000, ndipo anadikira mpaka February 2019 kuti avomereze kuti ntchito yake yatha. Anthu anadikira chitsulo miyezi isanu ndi itatu, inu mwalephera kudikira munthu wamoyo, mlongo wanu, amene munkadziwa kuti ali ku ntchito ndipo aweruka m'mawa. Mukanatha kulemba za munthu wanu ali yekha m'chipinda akumvetsera fumbi likumenya khoma. Mukanatha kufunsa woyendetsa nkhani kuti tichite bwanji. Mukanatha kumutumizira uthenga wapadera n'kugona. Njira zonsezi zinalipo, koma munasankha kugwira munthu amene si wanu.

Ndikudziwa kuti tonse kuno timalemba movutikira, ena bandulo imawathera pakati pa mwezi, ena magetsi amawathimira, ena amagwira mashifiti osinthasintha, ndipo n'chifukwa chake tinagwirizana kuti munthu ali ndi masiku awiri oti ayankhe asanadumphidwe. Kudumphidwa kumene tinagwirizanako ndi kwakuti munthu wako amakhala phee pambali mpaka ubwerere. Palibe pamene tinagwirizana kuti wochedwa aphedwe.

Tsopano ndilankhule ndi inu amene munaika zizindikiro za moto ndi za m'manja pansi pa ndime zija, n'kumalemba kuti nkhani yakoma. Inunso muli ndi mlandu. Munaona dzina la mtengambali amene akufa, munaona dzina la amene walemba, munadziwa kuti ndi anthu awiri osiyana, komabe munawomba m'manja. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Lero ndi mmisiri wa madzi, mawa inu a dokotala mudzakhala mwatanganidwa pa mzere wa tekisi ku Bree kapena mukuperekeza katundu wopita kumudzi ku Park Station, ndipo mukadzatsegula foni mudzapeza munthu wanu wasandutsidwa wakuba mankhwala, waweruzidwa ndipo waponyedwa kunja. Tsiku limenelo musadzayembekezere kuti wina adzakuyankhulirani ngati lero mwakhala chete.

Ena andiuza kuti ndisatenthe mutu chifukwa ndi masewera chabe. Ndikuvomera kuti ndi masewera, koma ndi masewera amene chuma chake chonse ndi kukhulupirirana. Timasiya anthu athu m'manja mwa anzathu usiku uliwonse tikamapita kukagona kapena kukagwira ntchito, ndipo timayembekezera kuwapeza m'mene tinawasiyira. Ambiri a ife mu mzinda muno timakhala tsiku lonse tikuuzidwa chochita, poima, ndi nthawi yoyankhula, m'chilankhulo chimene si chathu. M'gulu muja ndi momwe mchemwaliyu amasankha yekha chimene munthu wake anene, m'Chichewa chake, mopanda womudula pakamwa. Wina akalowanso mmenemo n'kumulanda pakamwa, wamuchitira chinthu chenicheni, ndipo misozi imene analira mu tekisi muja inali yeniyeni. Amene akufuna kuti atengambali onse amvere iye yekha atsegule kope alembe buku lake, palibe amene adzamuletse, ndipo kumeneko aphe aliyense amene akufuna. Koma akalowa m'nkhani ya anthu ambiri, adziwe kuti gawo lake ndi munthu mmodzi basi.

Kwa inu oyang'anira gulu, pempho langa ndi lomveka ndipo sindikulisintha. Ndime zija zifafanizidwe, nkhani ibwerere pamene mphepo ya fumbi inali kungoyamba, mmisiri wa madzi adzuke ali moyo m'manja mwa mwini wake, ndipo achimwenewa apepese m'gulu momwemo mmene anachitira mwanowo, osati kuseri. Ndamva kuti ena akuganiza zoti tingonena kuti imfayo inali maloto a munthu wina kuti tisakhumudwitse aliyense. Zimenezo ndikukana, chifukwa zikusiya ndime zonyozazo zili pomwepo kuti aliyense wolowa mawa aziwerenge. Ngati mayi ameneyu adzafe m'nkhani muno, adzafe tsiku limene mwini wake wasankha, m'njira imene mwini wake walemba.

Ndipo popeza ndayamba kale kuyankhula, pali chinanso chimene chanditopetsa ndi achimwene omwewa pamodzi ndi anzawo awiri. Nthawi iliyonse munthu wawo akapanikizika, chakudya chikachepa kapena makina a mpweya akawonongeka, amalemba kuti chombo chothandiza chafika kuchokera ku dziko lapansi m'maola awiri. Perseverance, galimoto ina ya NASA yofufuza pa Mars, inanyamuka mu July 2020 n'kukatera mu February 2021, pafupifupi miyezi isanu ndi iwiri ili m'njira, ndipo mpata wabwino wonyamukira kupita ku Mars umabwera kamodzi pa miyezi pafupifupi 26. Tinagwirizana pachiyambi kuti nkhani yathu itsata zimenezi, kuti njala ikhale njala ndipo vuto lithetsedwe ndi zimene zili m'mudzimo. Mlimi wathu wakhala akulemba mosamala za mbewu zake zimene zikufota, kufuna kuti tonse tivutike naye pofunafuna njira, ndipo iwo amangobweretsa chombo chodzaza ndi matumba a ufa ngati kuti Mars ili ku Pretoria.