Chenjezo kwa okwera phiri la Lion's Head

Lamlungu lapitali madzulo, pamalo a maunyolo ogwira pokwera thanthwe paphiri la Lion's Head kuno ku Cape Town, ndinaona gulu la achinyamata olankhula chinenero chathu, ena atavala mapatapata, wina atanyamula chikwama cha mowa wa m'zitini, winanso atakoleka sipika pakhosi, ndipo pakati pawo panali mayi wobereka mwana ndi chitenje. Mphepo yamphamvu ya kumwera chakum'mawa inali itayamba kale, dzuwa litapendeka, koma iwo ankangokwerabe uku akuseka. Mtima wanga sunakhale pansi mpaka lero.

Kodi anakuuzani ndani, ana anga, kuti phiri lalifupi ndi phiri lofatsa? Lion's Head ndi lalitali mamita 669 okha, ndipo munthu wathanzi amakwera ndi kutsika m'maola awiri kapena atatu, koma kufupika kumeneku ndi kumene kukupusitsa anthu. Njira imayamba yotakata m'mbali mwa msewu wopita ku Signal Hill, n'kumazungulira phiri pang'onopang'ono munthu akuona magombe a Camps Bay ndi Clifton pansi pake, kenaka Sea Point ndi chilumba cha Robben Island, mpaka amaiwala kuti mapazi ake ali paphiri. Kumtunda njirayo imasanduka thanthwe lokhalokha, ndipo pamenepo munthu amadalira makwerero achitsulo, maunyolo ndi zogwirira zokhomedwa m'mwala. Nanga inu, dzanja lina lili ndi foni, lina lili ndi chitini, unyolo mugwira ndi chiyani? Chitenje chikamasuka pamalo otere, mwanayo mukamutola kuti? Pali njira ina yolambalala maunyolowo, yotalikirapo pang'ono, ndipo zikwangwani zimaionetsa bwino lomwe, koma anthu akuikana chifukwa akufuna kanema woti aike pa TikTok.

Za zithunzi zimenezi ndiye zafika ponyanya. Mtsikana amaima chammbuyo pamphepete penipeni pa phompho, mwendo wina uli m'mwamba, mnzake akumukalipira kuti asunthe pang'ono nyanja ioneke bwino. Asunthire kuti, pamene kumbuyo kwake kulibe nthaka? Ena amasiya njira yovomerezeka n'kulowera ku phanga lotchedwa Wally's Cave, ngakhale a SANParks, amene amayang'anira phirili monga gawo la Table Mountain National Park, anatseka njira yopita kumeneko. Akuganiza kuti chikwangwani choletsacho anachiika kuti chikongoletse tchire?

Usiku wa mwezi wathunthu anthu amakhamukira kumeneko mwaunyinji, mpaka pamaunyolo pamakhala mzere wa okwera ndi otsika akukankhana. Ambiri a iwo alibe tochi, alibe juzi, alibe ngakhale botolo la madzi, ndipo akudalira kuwala kwa foni imene batire lake latha kale ndi kujambula. Mtambo ukaphimba nsonga ya phiri, mwala umaterera, kuzizira kumalowa m'mafupa, ndipo mwezi umene ankaudalirawo suonekanso. Winanso amadzuka yekha mbandakucha, osauza aliyense kumene akupita, mahedifoni ali m'makutu, ngati sanamvepo kuti achifwamba amabisalira anthu m'njira za Signal Hill ndi Lion's Head.

Ndamvapo ena akudzitama kuti iwo anafika pa Sapitwa, pamtunda wa mamita 3,002, choncho kaphiri aka sikangawachite kanthu. Ku Mulanje munapita ndi wotsogolera wodziwa njira, munavala nsapato zoyenera, ndipo munamvera zimene ankakuuzani. N'chifukwa chiyani nzeru zimenezo mwazisiya kumudzi? Munthu wogwa paphompho la mamita 20 amathyoka chimodzimodzi, kaya phirilo ndi lalikulu kapena laling'ono.

Osuta fodya nawo akungotaya zotsalira za ndudu m'tchire louma, pamene aliyense wokhala mumzinda uno akukumbukira moto wa mu Epulo 2021, umene unatsika kuchokera m'mbali mwa phiri la Devil's Peak n'kukawotcha laibulale ya Jagger pa yunivesite ya Cape Town. Tchire la kuno likauma, mphepo ikuwomba, kamoto kamodzi n'kokwanira kutentha phiri lonse pamodzi ndi anthu amene ali pamwamba pake.

Munthu akavulala, amene amamukwerera ndi machira usiku ndi anthu ongodzipereka a Wilderness Search and Rescue, amene amasiya mabanja awo n'kuika miyoyo yawo pachiswe chifukwa cha mapatapata anu. Zikavuta kwambiri imabwera helikopita, ndipo imeneyonso siuluka mphepo ikakula. Zikakanika zonse, ntchito imagwera ife achikulire, yoimbira foni makolo anu ku Mangochi kapena ku Mzimba, ndi yopempha zopereka m'magulu a WhatsApp kuti thupi liyende ulendo wa makilomita oposa 3,000 kubwerera kwathu. Ndalama zimenezo zimachokera kwa anthu osamalira minda ya maluwa ndi ogwira ntchito za m'nyumba, amene nawonso ali ndi ana oti awalipirire sukulu. Kodi makolo anu anakulolani kubwera kuno kuti mudzawabwezere bokosi?

Ngati simungathe kusiya mowa, mapatapata ndi makanda kunyumba, khalani pansi pa Sea Point muzionera nyanja pomwepo. Tatopa nazo!