Mdala Crosby musiyeni, vuto la Penguins lili pena

Abale anga mundipirire lero, ndikudziwa ambiri pano nkhani yanu ndi ya Maule ndi Manoma kapena Arsenal ndi Man U, koma ine chomwe chandisowetsa tulo sabata yonseyi ndi hockey. Osati ya pa udzu ija ayi, ya pa ayezi, yomwe anthu amavala nsapato zokhala ndi mipeni kunsi n'kumalimbirana kamphira kakuda kophwatalala kotchedwa puck. Ndakhala kuno ku Pittsburgh zaka zingapo tsopano ndipo kuno ukapanda kusapota Steelers (timu ya mpira wa chiamerika) kapena Penguins (timu ya hockey) anthu amakuyang'ana ngati ukudwala, ine ndinagwera ku Penguins poti nthawi yozizira mdima umagwa 5 koloko isanakwane ndipo kopita kulibe, umangokhala pa TV basi.

Ndiye Lachiwiri pa break ku ntchito tinatsala pang'ono kugwirana makolala ndi mnyamata wina timagwira naye shifiti ya usiku, wobadwira konkuno, mwana wa dzana uyu sanafike ndi zaka 25 zomwe. Akuti Sidney Crosby achoke. Akuti kontirakiti yomwe anasaina mu September 2024 inali kulakwitsa, timu ikufunika kugwetsedwa yonse n'kumangidwanso kuyambira pa maziko, ndipo bola mdalayo akadali pompano palibe chomwe chimangidwe. Amalankhula zonsezi atavala jezi ya nambala 87 kumsana kkkk. Ndinamufunsa kuti aise, ndiye jeziyo wavaliranji, akuti chikondi ndi china bizinesi ndi ina.

Kwa amene simumudziwa, Crosby ndi wa ku Cole Harbour ku Nova Scotia, Canada, anabadwa pa 7 August 1987, mwezi wa 8 tsiku la 7 chaka cha 87, ndiye nambala yake ndi 87 ndipo malipiro ake ndi madola 8.7 miliyoni pa chaka. Musaseke, munthuyu ndi wa zikhulupiriro zake. Penguins inamutenga ali nambala wani pa draft ya 2005 (draft ndi mwambo wa chaka ndi chaka womwe matimu amasankha osewera achinyamata motsatizana), wawapatsa chikho cha Stanley Cup katatu, 2009, 2016 ndi 2017, ndipo ndi yemwe anagoletsa chigoli chopatsa Canada golide pa Olympics ku Vancouver mu 2010. Kontirakiti yatsopanoyo ndi ya zaka ziwiri, madola 17.4 miliyoni yonse pamodzi, ikutha 2027 iye atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 40.

Tiyambe ndi ndalamazo poti anthu amakonda kukuwa osawerengera. Mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ku America ndi Canada, muli salary cap, malire a ndalama zomwe timu ingalipire osewera ake onse pamodzi, sizili ngati ku mpira wa ku Ulaya komwe bwana wolemera amangotsegula chikwama n'kugula aliyense. Crosby wakhala pa 8.7 kuyambira 2008. Nthawi imeneyo cap inali madola 56.7 miliyoni, ndiye kuti amadya pafupifupi 15 peresenti ya mphika wonse. Sizoni ya 2025-26 cap ili pa 95.5 miliyoni, 8.7 yomweyo tsopano ndi 9 peresenti yokha. Mwezi womwewo wa September 2024 Leon Draisaitl wa Edmonton anasaina ya 14 miliyoni pa chaka, Auston Matthews wa Toronto ali pa 13.25. Nanga mdala wathu wachita chani ndi 8.7 yakeyo? Sizoni ya 2023-24 zigoli 42, mapointi 94 (mapointi a wosewera ndi zigoli kuphatikiza ma pasi obereka zigoli). Sizoni ya 2024-25 mapointi 91 pa magemu 80, ndipo mu March 2025 anaphwanya rekodi ya Wayne Gretzky pokwanitsa masizoni 20 akupeza pointi imodzi kapena kuposa pa gemu iliyonse. Gretzky amwene, osati munthu wamba. Ndiye wina adzandiuze kuti kontirakiti imeneyi ndi yomwe yamiza timu? Ayi ndakana. Pa mtengo umenewo munthuyu akutipatsa basera.

Ndinapitako ku PPG Paints Arena mwezi wa February, tikiti yotchipa ya kumtunda kwenikweni komwe osewera amaoneka ngati nyerere, koma ubwino wa kumtunda umaona zomwe TV siionetsa. Panali nthawi ina puck inapita kuseri kwa golo ya adani, Crosby anafika pamenepo n'kutembenuza msana, miyendo atatakasa, matako atabweza kumbuyo ngati mayi akupeta, difenda wamtali kumuposa akumukankha ndi ndodo kumsana koma munthu osasuntha, masekondi asanu, sikisi, mutu uli m'mwamba akuyang'ana amene akubwera, kenako anaponya pasi ya chakumbuyo osayang'ana n'komwe, puck n'kukagwera pa ndodo ya mnzake kutsogolo kwa golo ngati waika ndi dzanja. Mnzakeyo anaphonya. Crosby anangobwerera ku benchi, kukhala pansi, kutenga ka tablet n'kuyamba kumuonetsa mnzakeyo pomwe amayenera kuima. Gogo wina wachizungu amene anakhala pambali panga anangopukusa mutu n'kundiuza kuti zaka zitatu zonsezi nkhani yake ndi yomweyi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ine tsiku limenelo ndinaona ndi maso.

Tsono vuto lili pati? Lili pa ngongole zakale. Pa ma draft 9 kuyambira 2013 kufika 2021, Penguins inasankha mu raundi yoyamba kawiri kokha, 2014 ndi 2019. Ma pick (mipata yosankhira ana pa draft) ena onsewo anapita kosinthanitsa ndi osewera okhwimakhwima kuti tiwine lero lomwe, makamaka nthawi ya bwana wa timu Jim Rutherford. Zina zinalipira, Phil Kessel anabwera n'kutithandiza zikho ziwiri zotsatana, palibe amene akudandaula. Koma ukadya mbewu chaka chino usadabwe chaka chamawa munda uli mbee. Ana omwe bwenzi pano ali ndi zaka 24, 26 akunyamula timu kulibe, sanabzalidwe n'komwe.

Kenako July 2022 Ron Hextall, bwana amene analowa m'malo mwa Rutherford, anapatsa Evgeni Malkin zaka zinayi ndi Kris Letang zaka sikisi, aliyense 6.1 miliyoni pa chaka, Letang yake ikutha 2028 ali ndi zaka 41. Ine Malkin ndimamukonda, akakwiya amasewera ngati njati yolasidwa, koma miyendo yapita, tisanamizane. Ndiye kunabwera April 2023, tsiku lomwe mpaka pano ndikalikumbukira chakudya sichitsika: tinangofunika kuchinya Chicago pakhomo pathu, Chicago yomwe inali kumunsi kwenikweni kwa ligi, ndipo tinaluza 5-2. Tinaphonya ma playoff ndi pointi imodzi, Florida n'kutenga malo athu n'kukafika mpaka mu fainolo. Masizoni 16 otsatana tikulowa ma playoff anathera pomwepo. Hextall anachotsedwa, kunabwera Kyle Dubas kuchokera ku Toronto, ndipo m'malo moima kaye n'kuyang'ana bwinobwino, August yemweyo anakatenga Erik Karlsson ku San Jose, difenda wa zaka 33, ife kumalipira 10 miliyoni pa chaka, n'kuperekanso pick ya raundi yoyamba ya 2024. Goloboyi Tristan Jarry anapatsidwa zaka zisanu pa 5.375 miliyoni, pofika January 2025 anali atamuika pa waivers (pomwe matimu ena amaloledwa kumutenga) n'kumutsitsira ku timu yaing'ono. Patangotha miyezi isanu ndi iwiri chitengereni Karlsson, mu March 2024, Dubas yemweyo anatumiza Jake Guentzel ku Carolina, munthu amene amagwirizana ndi Crosby ngati chala ndi mphete, kuti apeze ana. Ndiye tikuwina lero kapena tikumanga za mawa? Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Zimenezi ndiye zolakwika zenizeni, ndipo palibe ngakhale chimodzi chomwe chili ndi siginecha ya Crosby.

Koma mnyamata uja ali ndi mfundo imodzi yomwe inanditseka pakamwa kwa kanthawi, ndivomere. Ku NHL kulibe zotuluka mu ligi ngati kwathu, timu yothera kumunsi siitsika, m'malo mwake imapatsidwa mwayi waukulu wosankha mwana waluso kwambiri pa draft. Ndiye pamakhala malo awiri abwino, kumtunda kolimbirana chikho kapena kumunsi kwenikweni kotola ana, malo oipa ndi pakati. Ife tili pakati. Mapointi a timu pa tebulo 91, kenako 88, kenako 80, ma playoff osalowa zaka zitatu kuyambira 2023 kufika 2025, koma pa draft ya 2025 tinasankha pa nambala 11, tinatenga Ben Kindel. Amene akutikokera pakatipo ndi Crosby yemweyo, chifukwa munthu wa mapointi 90 salola timu kumira mpaka pansi. Ndipo mnyamatayo anandikumbutsa kuti Penguins yomwe tikuinyadirayi inamangidwa ndi kuluza: Marc-Andre Fleury nambala wani 2003, Malkin nambala 2 mu 2004, Crosby nambala wani 2005, Jordan Staal nambala 2 mu 2006. Zoona zake zimenezo, sindingatsutse. Mu 2025 aliyense ankalota Gavin McKenna wa draft ya 2026.

Koma taonani mbali inayi. Nambala wani imabwera ndi lotale, si mphatso. Mu 2025 San Jose ndi yomwe inathera pansi pa onse, koma amene anawina lotale ndi New York Islanders kuchoka pa nambala 10, San Jose n'kusankha yachiwiri. Crosby amene tinamupeza pa lotale ya 2005 pomwe sizoni yonse inali itafa chifukwa cha lockout (mkangano wa eni matimu ndi osewera), unali mwayi chabe, mpira unangogwera kwathu. Funsani a ku Buffalo, pofika 2025 ma playoff anali atawaona komaliza 2011, atasankha nambala wani kawiri, nambala 2 kawiri, koma anali akumangabe. Detroit inalowa ma playoff masizoni 25 otsatana, chiyambireni kumanganso pofika 2025 anali asanalowemonso kuchokera 2016. Chicago inalola Patrick Kane ndi Jonathan Toews kupita mu 2023, inapezadi Connor Bedard, koma mwanayo akusewera yekhayekha m'timu yomwe ikungoluzabe, nkhope yake pa benchi imamvetsa chisoni. Pomwe Washington sinataye Alex Ovechkin, inangomuzungulira ndi anyamata atsopano, ndipo sizoni ya 2024-25 inathera pamwamba kum'mawa konse, Ovechkin n'kuphwanya rekodi ya zigoli ya Gretzky mu April. Ndiye njira si imodzi ayi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo.

Palinso gulu lina, lomwe limati ife tikumufunira zabwino, apite ku Colorado akasewere ndi Nathan MacKinnon mnzake wa kumudzi kwawo ku Cole Harbour, kapena ku Montreal timu yomwe ankasapota ali mwana, yomwenso inasankha bambo ake pa draft ya 1984 ngati goloboyi. Amapereka chitsanzo cha Ray Bourque amene anachoka ku Boston mu 2000 n'kukanyamula chikho ku Colorado mu 2001. Koma Bourque analibe chikho n'chimodzi chomwe, Crosby ali nazo zitatu. Ndipo kontirakiti yake ili ndi ndime yoti sangasunthidwe popanda iye kuvomera. Munthu wamkulu, anaona timu mmene ilili, Guentzel anali atapita kale, anatenga cholembera n'kusaina yekha, ndiye ife a pa Facebook ndi amene tikudziwa bwino zomwe mtima wake ukufuna? Tsiku lomwe adzalowe mu ofesi ya Dubas n'kunena kuti bwana ndatopa ndi kuluza nditumizeni kwina, ine ndidzaombera m'manja misozi ili m'maso, koma zomukankhira pakhomo mwaulemu ngati mlendo amene wakhalitsa, zimenezo ayi.

Komanso anthu achichepere ngati mnzanga uja sakudziwa kuti timuyi inatsala pang'ono kusamuka mu mzinda uno. Inagwa mu 1998 chifukwa cha ngongole, katswiri wake Mario Lemieux n'kuipulumutsa, ndipo pofika 2007 nkhani inali yoti ipita ku Kansas City ngati sipamangidwa bwalo latsopano. Bwalo lomwe tikukhalamo lero linatsegulidwa 2010, ndipo aliyense wa kuno amadziwa kuti popanda mwana uja wa nambala 87 kudzaza mipando, nkhaniyo ikanatha mwina. Hockey kuno si Steelers, anthu timu ikamaluza amasiya kubwera, ndawaona mipando yopanda anthu ine. Chotsani Crosby muone ngati gogo uja adzalipirenso tikiti kudzaonera ana osadziwika akuchinyidwa 6-1 Lachitatu usiku kunja kukugwa chipale.

Chomwe ndingachite ine nditakhala Dubas n'chosavuta kunena, kaya kuchita. Karlsson apite ngakhale titamalipirako gawo la malipiro ake. Malkin amalize kontirakiti yake, timutsanzike bwinobwino. Ma pick asakhudzidwenso, ngakhale timu itayamba bwino mu October anthu n'kuyamba kukuwa kuti gulani uyu gulani uyo. Kochi Mike Sullivan anapita ku New York Rangers mu 2025 patatha zaka pafupifupi 10, amene analowa m'malo mwake Dan Muse ndi munthu wozolowera kuphunzitsa achinyamata, ndiye apatse ana ngati Rutger McGroarty ndi Ville Koivunen mpata weniweni, osati mphindi zisanu ndi zitatu pa gemu, awaike pa mzere umodzi ndi mdalayo aziona ka tablet kaja tsiku ndi tsiku.

Mnyamata uja tinathera pa kubetcha. Iye akuti pofika tsiku lotseka msika wa osewera mu March 2026 Crosby adzakhala atavala jezi ina, ine ndati adzakhala ali pompano. Woluza agula sangweji ya ku Primanti, ija amaikamo tchipisi ndi kabichi mkati momwemo, yomwe ine mpaka lero sindinaimvetse koma ndimadya. Inu a Man U musandiyankhe za kumanganso timu chonde, mwakhala mukumanga chichokereni Ferguson mu 2013.