Chenjezo kwa okumba mafuta: ku Chaco eni ake alipo

Tamverani inu amene mukuthamangira mafuta ndi gasi kuzungulira Chaco, ku New Mexico m'dziko la America, ndi inu aphungu amene mwangopinda manja. Mukuchita chibwana ndi malo a mizimu ya anzanu.

Mumati kumeneko ndi kumabwinja. Bwinja la yani? Nyumba zamiyala za ku Chaco zinamangidwa pakati pa zaka za 850 ndi 1250. Imodzi mwa nyumbazi, Pueblo Bonito, yokha inali ndi zipinda zoposa 600, kuphatikizapo malo opemphereramo ozungulira, okumbidwa pansi, otchedwa kiva. Zidzukulu za amene anamanga zilipo: a Acoma, a Laguna, a Zuni, a Hopi, mitundu imene pamodzi imatchedwa Pueblo, ndipo mpaka lero amapitako kukalankhula ndi makolo awo. Bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1987. Kwathu kuno ngakhale njala ivute bwanji, palibe amene amakalima pamanda.

Malo otere sachedwa kuwonongeka. Pamwamba pa phiri la Fajada Butte, ku Chaco komweko, pali miyala itatu ikuluikulu yotsamira thanthwe. Kuwala kwa dzuwa kunkadutsa pakati pake n'kugwera pa chizindikiro chozokotedwa, anthu n'kudziwa kuti nyengo yatembenuka. Alendo anapondaponda pamenepo mpaka dothi linakokoloka, ndipo mu 1989 zinapezeka kuti mwala wasuntha, kuwalako sikugweranso monga kale. Anawononga ndi mapazi chabe. Nanga malole olemera, makina obowola nthaka, ndi moto wa gasi woyaka usiku wonse, mukuganiza kuti zidzasiya chiyani? Musatinamize kuti Chaco ndi paki ya boma yotetezedwa kale. Pakiyo ndi yaing'ono. Misewu yakale ya makolo ndi midzi yambiri zili kunja kwa malire ake.

Mu June 2023, Deb Haaland, mayi wa ku Laguna komweko amene panthawiyo anali nduna yoyang'anira malo a boma la America, analetsa kwa zaka 20 kupereka ziphaso zatsopano za mafuta ndi gasi pa malo a boma apakati pa makilomita 16 kuzungulira pakiyo. Anachita bwino. Koma chimene nduna imodzi yasayina, nduna ina ikhoza kufafaniza mawa. N'chifukwa chake pakufunika lamulo lenileni. Bilu ya Chaco Cultural Heritage Area Protection Act inadutsa m'nyumba yaing'ono ya malamulo mu 2019, koma ku Senate, nyumba yachiwiri ya malamulo, inakatsamwa. Aphungu inu, mukudikira chiyani? Mpaka chitsime chibowoledwe pafupa la munthu?

Mabanja a chi Navajo, mtundu wina wa kumeneko, amene ali ndi malo awoawo m'deralo sindikuwadzudzula ayi. Ambiri ndi osauka, ndipo ndalama za mafuta ndiye zimawagulira chakudya. Boma la mtundu wawo linapempha kuti malire a chiletsocho akhale makilomita 8, ndipo mu 2025 linatengera nkhaniyi kukhoti. Dandaulo lawo ndi lomveka, liyenera kumvedwa pabwalo. Amene ndikuwaloza chala ndi awo amene amabisala kumbuyo kwa umphawi wa anthuwa, kuyambanitsa a Navajo ndi a Pueblo, iwo ali phee kuwerenga phindu.

Khalani pansi ndi akuluakulu a mitundu yonseyi, mupezere mabanja aja pogwira, kenako mudutsitse biluyo makina asanafike pomwe sanafikepo.