Galu ameneyu wakudyerani chiyani, achimwene?

Ndilemba pompano poyera chifukwa nawonso ananditonza pagulu.

Lachiwiri ndinaika chithunzi pa WhatsApp, m'gulu lathu la pachibale. Ndinajambula nditaima pomwetsa mafuta thiraki yomwe ndimayendetsa kuno ku America: pampando wa pambali panga pagona galu wofiirira, khutu limodzi logwa, mutu wasamira jekete langa. Ndinamutenga ku Dallas, ndinkakamusiya ku Indianapolis kwa banja lomwe linamupempha. Sipanathe mphindi zisanu, achimwene alemba: "Kodi ku America mwayamba kukweza agalu? Ife kuno feteleza tilibe." Ena n'kumatsirira tizithunzi toseka.

Achimwene, ndikufunseni mwaulemu wonse. Galu ameneyu wakudyerani chiyani?

Katundu wa ku Indianapolis anali atapakiridwa kale. Galu akwere asakwere, thirakiyo inkayenda ndithu makilomita opitirira 1,400 amenewo. Dizilo sanawonjezeke ndi dontho lomwe, ndipo abwana anga anavomera ndisananyamuke. Mpando umenewu chaka chonse umanyamula jekete, botolo la madzi ndi mapepala a katundu. Lero pakhala galu, thumba lanu la feteleza laboka pati? Mpando unali wopanda munthu. Wopanda munthu, achimwene! Kapena mumafuna ndikupakireni mpandowo ndikutumizireni ku Ndirande?

Mwina mukuganiza kuti ndinataya nthawi. Lamulo la kuno silindilola kuyendetsa kupyola maola 11 ndisanapume maola 10, ndipo ndikayendetsa maola 8 ndiyenera kuima mphindi 30. Ndifune ndisafune ndimaima. Mphindi zomwe ndikadakhala ndikukanda foni ndinazithera pa kapinga kuseri kwa malo oimika mathiraki, chingwe m'manja, kudikira galu adzithandize. Chakudya chake anandipatsa omwe amamusunga, pamodzi ndi kalata ya dokotala wa ziweto ndi umboni wa katemera wa chiwewe, poti popanda zimenezo sangawoloke kupita chigawo china. Changa chomwe chinapita ndi thaulo limodzi, anasanzirapo tisanafike ku Little Rock. Thaulo limenelo mukalifuna nenani.

Chifukwa chonyamulira agalu chonchi n'chachidule: kummwera kuno agalu osowa eni achuluka, nyumba zowasungira zikadzaza ena amawabaya jakisoni n'kufa, pomwe kumpoto kuli mabanja ofuna galu. Pakati pali msewu, ndipo pamsewupo tilipo kale ndi ife.

Si ine ndinayambitsa. Mu 2005, namondwe Katrina atamiza New Orleans, ziweto zambirimbiri zinatsala zokha eni ake atathawa. Mayi wina woyendetsa thiraki, Sue Wiese, anamema madalaivala anzake n'kuyambitsa gulu lonyamula ziweto zotere lotchedwa Operation Roger, kutengera dzina la galu wake yemwe anali atafa. Chiweto chimakwera kutsogolo ndi dalaivala, osati m'ngolo ya katundu, ndipo dalaivalayo salandira kanthu. Amangochinyamula poti kumene chikupita ndi komwe iye akulowera. Ndiye madalaivala onsewa nawonso ndi amisala? Nawonso abale awo anagona ndi njala chifukwa cha mphaka?

Inu simudziwa msewu wa kuno. Munthu umatha milungu itatu osamva wina akukutchula dzina, kupatula wa pageti wofunsa nambala ya katundu. Usiku woyamba galuyu ankangonjenjemera pansi pa mpando, ndikatambasula dzanja iye n'kutsinzina ngati ndikufuna kumumenya. Zikuoneka kuti anamenyedwapo, osati kamodzi. Ndinangomusiya. Cha m'ma 3 koloko m'mawa ndinamva chinthu cholemera pa phazi, ndi chibwano chake. Kutacha ndinayenda naye tsiku lonse ndikumulankhula Chichewa, mpaka kumufotokozera milandu ya munda wathu wa kumudzi. Anamvetsera bwino kuposa anthu ena omwe ndikuwadziwa.

Titafika, kamtsikana ka m'banjamo kanagwada pa simenti pozizira paja osanena kanthu, kungotambasula manja. Galu anandiyang'ana kamodzi, n'kupita. Ndinakwera thiraki yanga, mpando wabwerera mwakale. Pamenepa ndiye mundiuze, mwataya chiyani inu?

Ndalama ya feteleza ndinatumiza mu September, onse m'gulumo mukudziwa. Fizi ya ana anu sinachedwepo teremu ndi imodzi yomwe. Galu sanadye ndalama imeneyo, sanainunkhize n'komwe. Koma kwa inu chifundo chili ngati ufa wa m'lichero, woti ndikatapako pang'ono kupatsa galu ndiye kuti nsima yanu yachepa. Ayi. Galu wamkota sakandira pachabe, ine ndine munthu wamkulu, ndikudziwa chomwe ndikuchita. Ndipo akandiimbiranso kuti pali wina wopita njira yanga, ndidzamukweza, chithunzi ndidzaikanso m'gulu lomwelo.

Komanso poti mwaiputa nokha nkhani ya agalu, tiyeni tikambe za wanu uja. Ndinamuona nditabwera chaka chatha, womangidwa ndi waya ku mtengo wa mango, nthiti zikuwerengeka, m'khosi muli bala, mbale yake chigoba cha chigubu chouma gwa. Usiku mumafuna akuuwireni akuba, masana ana akumugenda inu muli phee pakhonde. Kuyambira 2015 a Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera wa chiwewe mu Blantyre mwaulere, osalipira ngakhale tambala. Alamu anandiuza okha kuti simunamupititseko ndi kamodzi komwe, ati mulibe nthawi. Pabwalo pomwepo pamasewera adzukulu anu, opanda nsapato.