Songea ali ndi nyumba, Nkhata Bay ali ndi chipilala

Kutsidya kwa nyanja, ukakocheza pa Mbamba Bay n'kukwera mtunda, umafika ku Songea. Kumeneko Atanzania anamanga myuziyamu ya nkhondo ya Maji Maji, youkira atsamunda a ku Germany, pamalo pomwe pali manda a atsogoleri a Angoni amene Ajeremani anawanyonga pa 27 February 1906. Ambiri anawakwirira m'dzenje limodzi, Nduna Songea Mbano ali m'manda akeake, ndipo ziboliboli za mafumuwo zazungulira bwalo. Mwana wa sukulu safunika kuuzidwa zambiri, wayima kale pamwamba pa nkhaniyo. Komatu Angoni amenewa ndi abale a ku Mzimba kuno, ambiri mwa iwo anachokera mu ulendo womwewo wa Zwangendaba.

Ife nkhani yoopsa tili nayo pakhomo. Pa 3 March 1959 asilikali a boma la atsamunda anawombera anthu padoko la Nkhata Bay, amene anasonkhana pofuna kuti atsogoleri a chipani cha Nyasaland African Congress otsekeredwa m'sitima ya Mpasa amasulidwe. Lipoti la Devlin, la komiti yomwe boma la Britain linatuma kudzafufuza za zipolowe za 1959, linati anafa anthu 20, a kunyanjako amatchula oposa 30. Kuchoka mu Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 50 okha. Tili ndi chipilala ndi tsiku la tchuthi, nkhata zimayalidwa, nduna imalankhula, kenako zii mpaka chaka chamawa.

Myuziyamu ya mu Mzuzu ilipo chitsegulireni mu 1986, koma ndi yaing'ono ndipo mphamvu zake zili pa chikhalidwe cha Atumbuka, Atonga, Angoni ndi Ankhonde. Sindikuyinyoza, zimenezo n'zofunika. Ku Zambia ngakhale kanyumba ka nambala 394 ku Chilenje, komwe Kenneth Kaunda anakhalako kuyambira 1960 mpaka 1962, anakasunga ndi galimoto yake ya Land Rover.

Kusiyanaku ine ndikuona kuti si nkhani ya ndalama yokha. Mkangano wa nduna wa 1964 utachitika, mayina a Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Rose Chibambo anasanduka oletsedwa kwa zaka 30. Ndani akanapachika zithunzi zawo pakhoma la boma nthawi ya a Kamuzu? Makalata anabisidwa, mboni zinakalamba zili chete.

Lero mayi Chibambo ali pa K200 ndipo anagona ku Heroes Acre mu Mzuzu momwe muno mu 2016. Funsani wakabaza amene akukubwezerani chenji ndi ndalamayo kuti anawamangiranji mu 1959.